Postdoc ikatha, wochita kafukufuku amalowera kuti?

Alangizi a zaumoyo, anamwino ndi anthu ogwira ntchito mongodzipereka amene anathandizapo pa kafukufuku amadziwa mmene zimathera. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu kumabwera katswiri wachinyamata pa galimoto ya pulojekiti, atanyamula mafomu ndi mabokosi osungiramo magazi. Kenako galimoto ija imasiya kubwera. Ena amaganiza kuti munthuyo anapeza zomwe ankafuna n'kuwaiwala. Zoterozo zimachitikadi, koma kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti kontrakiti yake yatha, ndipo sakudziwa ngati chaka chamawa adzakhale akuchitabe kafukufuku.

Munthu akamaliza digiri ya PhD sayamba kutsogolera kafukufuku pompopompo. Amayamba wagwira ntchito pansi pa katswiri wamkulu, nthawi zambiri kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo nyengo imeneyi ndi yomwe imatchedwa postdoc. Funso lomwe akufufuza limakhala la mkuluyo, ndalama zinapemphedwa ndi mkuluyo, malipiro a wa postdoc amachokeranso m'thumba lomwelo. Ndalamazo zikatha, ntchito yathera pomwepo, ndipo palibe lamulo loti yunivesite imulembe uphunzitsi.

Kuti aime payekha, ayenera kupeza zinthu ziwiri: funso lakelake ndi ndalama zolembedwa m'dzina lake. Thandizo lotere limatchedwa fellowship, ndipo ambiri mwa mabungwe opereka ndi akunja, monga Wellcome ya ku Britain, EDCTP yomwe ndi mgwirizano wa maiko a ku Europe ndi a mu Africa, ndi Fogarty International Center ya ku America. Thandizo la Fogarty lotchedwa K43 linakonzedwera akatswiri achinyamata a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limatha kufika zaka zisanu, ndipo wopempha amayenera kukhala ndi akatswiri awiri omuongolera, wina wa m'dziko lake, wina wa ku America. Mu Africa muno mulinso CARTA, yomwe inayamba mu 2008, ndipo imathandiza omwe inawaphunzitsa PhD kuyamba kafukufuku wawo akabwerera ku mayunivesite awo. Opempha amakhala ambiri kuposa opatsidwa, ndipo kukanidwa kawiri kapena katatu n'kosadabwitsa.

Oweruza mapempho amayamba ayang'ana zomwe munthuyo anasindikiza m'magazini a sayansi, ndipo samangowerenga kuchuluka kwake. Amaonanso pamene dzina lake lili. Pa kafukufuku wa zaumoyo, dzina loyamba pa mndandanda wa olemba limakhala la amene anagwira ntchito yaikulu n'kulemba nkhaniyo, ndipo lomaliza limakhala la mkulu amene anatsogolera. Katswiri wa ku Malawi angathe kukhala ndi nkhani makumi awiri, koma ngati dzina lake lili pakati pa mndandanda paliponse, oweruza amangoti anathandizira ntchito za ena. Ili ndi dandaulo lakale la akatswiri a mu Africa: odwala ndi akuno, magazi anatengedwa kuno, koma maina oyamba ndi omaliza ndi akunja. N'chifukwa chake wa postdoc wochenjera amakambirana za malo a dzina lake kafukufuku asanayambe, osati nkhani italembedwa kale.

Chovuta kwambiri kuno kwathu ndi nthawi. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo kenako inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Omwe ali ndi PhD m'madipatimenti ambiri ndi owerengeka, choncho wobwera kumene amasenzetsedwa zonse: kuphunzitsa, kuchonga mayeso, kuyang'anira ophunzira a masters, kukhala m'makomiti. Ngati ndi dokotala kapena namwino, ku wodi ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central kumamudikiranso. Wodwala wa lero sangauzidwe kuti adikire pempho la ndalama lithe kulembedwa. Pempholo limalembedwa usiku ndi Loweruka, ndipo kwa amayi omwe ali ndi ana aang'ono ngakhale nthawi imeneyo siipezeka. Ubwino waukulu wa fellowship ndi woti imalipira nthawi ya munthuyo, kuti dipatimenti imuchepetsereko ntchito zina.

Nthawi ya kontrakiti siigwirizananso ndi nthawi yomwe kafukufuku amatenga kuti apindulire anthu. Kafukufuku wa katemera wa typhoid ku Ndirande ndi Zingwangwa, yemwe anachitika kudzera ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, anayamba mu 2018 ndipo analowamo ana oposa 28,000. Zotsatira zoyamba zinasindikizidwa mu 2021, ndipo katemerayo anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023. Wa postdoc amene analowa ntchito pa chiyambi ndi kontrakiti ya zaka ziwiri akanatha kuchoka asanaone ngakhale nkhani yoyamba itasindikizidwa. Chifukwa pempho limatenga miyezi yambiri kuti liyankhidwe, amayenera kuyamba kulilemba kutatsala chaka chathunthu kuti kontrakiti ithe.

Nanga funso lakelake lija amalitenga kuti? Apa ndi pamene ogwira ntchito zaumoyo amalowerapo. Mafunso abwino ambiri amayambira pafupi ndi bedi la wodwala kapena pa sikelo ya ana. Blantyre Coma Score, njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo yomwe ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, inakonzedwa ku Gulupu m'zaka za m'ma 1980 ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, chifukwa njira yomwe inalipo inali ya akuluakulu otha kulankhula. Namwino amene waona kuti amayi a dera lina amasiya kubwera ndi ana ku katemera nyengo ya dzinja wagwira kale theka la funso. Theka linalo ndi manambala. Oweruza safuna kumva kuti vuto likuoneka ngati lilipo. Amafuna umboni woyambira, ndipo umboni wotsika mtengo kwambiri uli m'marejisitala a pa chipatala ndi m'mabuku a alangizi a zaumoyo. Rejisitala yosowa masiku, misinkhu ya ana kapena maina a midzi imatha kugwetsa pempho lomwe likanabweretsa kafukufuku m'deralo. Ngakhale zili choncho, wofufuza saloledwa kungotenga rejisitala n'kukopera. Ayenera kusonyeza chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu olowa m'kafukufuku, monga COMREC kapena NHSRC, komanso cha ofesi ya zaumoyo ya boma lomwe akugwiramo ntchito, ndipo wogwira ntchito pa chipatala ali ndi ufulu wofunsa makalata amenewa.

Amene wapeza fellowship ndi malo pa yunivesite amayamba kukwera makwerero a lecturer, senior lecturer, associate professor mpaka pulofesa, ndipo pa sitepe iliyonse amawerengeredwa zomwe wasindikiza, ndalama zomwe wabweretsa ndi ophunzira omwe wawayang'anira mpaka kumaliza. Ena amatembenukira ku Unduna wa Zaumoyo, ku Public Health Institute of Malawi kapena ku mabungwe, komwe luso lowerenga manambala a matenda limafunikanso kwambiri. Enanso amalowa postdoc yachiwiri pansi pa mkulu wina, akulembabe mapempho usiku.