Atsikana a Degas: kuseri kwa gule wa ballet kunali thukuta ndi umphawi

Mukaona chithunzi cha atsikana ovala masiketi oyera ofufuma akuvina gule wa ballet, utoto wake wofewa ngati nkhungu ya m'mawa, kawirikawiri chimakhala cha Edgar Degas. Zithunzi zake zili pa makalendala ndi pa intaneti, ndipo anthu amazikonda poti n'zokongola. Ine ndikuti tiziyang'anenso bwino, makamaka m'mphepete mwake, chifukwa nkhani yeniyeni ili kumeneko.

Degas anabadwira ku Paris mu 1834 ndipo anamwalira mu 1917. Anali mmodzi wa ojambula amene mu 1874 anachititsa chionetsero chawochawo mumzindawo, atatopa ndi malamulo a chionetsero chachikulu chotchedwa Salon. Gululi ndi lomwe linadzatchuka ndi dzina loti ma Impressionist. Anzake monga Claude Monet ankapita panja kukajambula kuwala kwa dzuwa pamadzi, koma Degas ankakonda za m'nyumba. Ntchito zake zoonetsa ovina zilipo pafupifupi 1,500, ndipo zambiri sizionetsa gule ali pachimake anthu akuwomba m'manja. Zimaonetsa kuseri, kumene ovina akuphunzira, akudikira kapena atopa.

Titenge chithunzi cha La Classe de danse chomwe chili ku Musée d'Orsay ku Paris. Pakati paima mphunzitsi wokalamba, Jules Perrot, atatsamira ndodo yaitali. Koma atsikana ambiri sakumulabadira n'komwe. Wina wakhala pamwamba pa piyano akudzikanda kumsana. Pansi pali kheni yothirira madzi kuti ovina asamaterereke, ndipo chakumbuyo kuli azimayi akudikira ana awo. Pa chithunzi china, L'Attente, wovina wawerama pabenchi atagwira bondo la phazi lake, pambali pake pali mayi wovala zakuda ndi ambulera m'manja. Palibe amene akumwetulira. Awa ndi anthu ali pantchito basi.

Nanga atsikanawa anali ndani? Ambiri ankachokera m'mabanja osauka ndipo ankalowa sukulu ya gule ya Paris Opéra akadali ana. Anthu ankawatcha petits rats, kutanthauza timakoswe. Malipiro anali ochepa, koma kwa banja losowa pogwira, mwana wovina anali chiyembekezo.

Apa m'pamene pamalowera azibambo ovala masuti akuda. Abambo achuma amene ankalipiriratu mipando yawo ku Opéra, otchedwa abonnés, ankaloledwa kulowa m'chipinda chomwe ovina ankakonzekereramo. Ena ankasankha mtsikana n'kumamulipirira nyumba ndi zovala, ndipo aliyense ankadziwa zomwe ankafuna pobwezera. Kuno kwathu tikanangoti zidyamakanda. Degas sanawabise anthu amenewa. Pa chithunzi cha L'Étoile, wovina wamkulu akuwala pa siteji manja ali tambasu, koma kumanzere kuseri kwa chinsalu kwaima bambo wovala zakuda, nkhope yake yobisika. Ukangomuona bamboyo, chithunzi chonse chimasintha.

Mmodzi wa atsikanawa timamudziwa ndi dzina. Marie van Goethem anabadwa mu 1865. Makolo ake anachokera ku Belgium, bambo ake anali telala ndipo mayi ake ankachapa zovala za anthu. Degas anaumba chifanizo chake ndi phula, n'kuchiveka siketi yeniyeni, nsapato ndi tsitsi lenileni lomangidwa ndi riboni. Anachionetsa mu 1881 pa chionetsero chachisanu ndi chimodzi cha ma Impressionist, ndipo dzina lake limatanthauza wovina wamng'ono wa zaka 14. Olemba nkhani ena anachinyoza kuti n'chonyansa, mpaka kumufanizira mwanayo ndi nyani, ati nkhope yake ikuonetsa makhalidwe oipa. Tangoganizani, mlandu unagwera mwana, osati azibambo omuzungulira aja. Degas sanaonetsenso choumba chilichonse pagulu mpaka imfa yake.

Ndiye funso limabwera: kodi Degas ankaulula nkhanza, kapena nayenso ankangodyetsa maso? Kwa ine zonse ziwiri n'zoona. Anali mwana wa banja lachuma, ndipo m'zaka za m'ma 1880 nayenso anapeza mwayi wolowa kuseriko ngati azibambo ena aja. Ovina ankawaimika maola ambiri m'chipinda chake chojambuliramo mpaka miyendo kuwawa. Komabe iyeyo ndiye anatisiyira umboni. Akanafuna, akanangojambula kumwetulira kwa pa siteji, bambo wa suti yakuda uja n'kumusiya kunja kwa chithunzi.

Marie anachotsedwa ku Opéra mu 1882 chifukwa chojomba ku maphunziro. Chifanizo chake cha phula chili ku National Gallery of Art ku Washington, ndipo Degas atamwalira anthu anapanga zina zamkuwa zofanana nacho. Mu 2022 chimodzi mwa izo chinagulitsidwa ku Christie's ku New York pa madola 41.6 miliyoni. Tsiku lina mukadzakumana ndi chithunzi cha ovina a Degas, musathamangire kunena kuti n'chokongola. Yambani mwaona amene waima kuseri kwa chinsalu.