Mwana Wophunzira za Nthaka Abwerera ku Mulanje

Pa tsiku la sikelo m'zipatala zazing'ono za m'boma la Mulanje, namwino akaona kuti mzere wa pa khadi la mwana wasiya kukwera amafunsa mayi kuti mwanayo akudya chiyani. Mayi amayankha kuti phala la mgaiwa lopanda nsinjiro, ndiponso kuti chimanga chinatha m'nkhokwe mwezi wa Novembala usanafike. Mankhwala a matenda otere sapezeka m'botolo. Gwero lake lili kumunda, ndipo amene angathe kulifikira ndi munthu wophunzira za kasamalidwe ka nthaka.

Boma la Mulanje lili ndi mvula yambiri ndi mitsinje yosaphwa monga Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, koma malo olima ndi ochepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu opitirira 680,000 m'bomali. Pakati pake pali phiri lalikulu lija, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'munsi mwake, kumene kuli nthaka yabwino, muli minda ya tiyi imene inayamba m'zaka za m'ma 1890. Malo otsalawo ndiwo amagawana anthu a m'midzi. Popeza munda umatsata kuchikazi, mayi amaudula kuti ana ake aakazi apeze polima, iwonso nadulira ana awo, kufikira banja lonse litatsala ndi kandime kosakwana ekala. Ena akwera nalo khasu m'mapiri, kumene madzi a mvula sachedwa kukokolola dothi.

Kafukufuku wa bungwe la FAO anasonyeza kuti mu 2014 hekitala imodzi m'Malawi inkataya dothi lolemera pafupifupi matani 29 pa chaka. Amenewa ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Dothi limene limapitalo ndi lapamwamba, lachonde, ndipo feteleza wogula ndi ndalama zovutikira amapitira nalo limodzi ku Ruo.

Maphunziro a ntchito imeneyi amapezeka ku Bunda, pafupi ndi Mitundu m'boma la Lilongwe. Sukuluyi inali nthambi ya Yunivesite ya Malawi kuyambira mu 1967, ndipo mu 2012 inaima payokha ndi dzina loti LUANAR. Pambuyo pake sukulu ya Natural Resources College, imene imaphunzitsa alangizi a dipuloma, inalowanso m'yunivesite yomweyi. Mnyamata kapena mtsikana wofuna digiri ayenera kukhoza bwino mayeso a MSCE, ndi makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo masamu ndi sayansi asakhale ofooka. Maphunziro ake ndi a zaka zinayi. Ana a mabanja osauka angathe kupempha ngongole ku bungwe la Boma loona za ngongole za ophunzira, ngakhale kuti opempha amachuluka kuposa ndalama.

Makolo ena amadandaula kuti sanagulitse mbuzi zawo kuti mwana akaphunzire kugwira khasu. Dandauloli n'lomveka, koma zimene mwanayo amakaphunzira n'zozama kuposa pamenepo. Amaphunzira kuyeza dothi kuti adziwe ngati lili lowawasa, vuto lofala m'madera a mvula yambiri, limene limachititsa kuti feteleza asagwire bwino ntchito. Amaphunzira kuwerenga mapu ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, kuyeza kutsetsereka kwa malo, ndi kutsata njira imene madzi amayenda kuchokera pamwamba pa phiri mpaka kudambo. Amaphunziranso malamulo a malo, monga lamulo la malo a mafumu la mu 2016, pakuti mikangano ya malire yadanitsa abale ambiri.

Akamaliza, ntchito simudikira pakhomo. Ena amalembedwa ndi Unduna wa Zaulimi, m'nthambi yoona za kuteteza nthaka, natumizidwa kumadera a alangizi monga Thuchila ndi Milonde. Ena amapita ku minda ya tiyi, kumagulu a alimi ang'onoang'ono a tiyi, kapena ku malo ofufuza za tiyi ku Mimosa. Koma alipo ambiri amene amakhala chaka kapena ziwiri akulemba makalata osayankhidwa, ndipo anzeru pakati pawo amayamba nazale ya mitengo kapena dimba m'malo mongokhala.

Mayeso enieni amadza tsiku loyamba kumudzi. Mlangizi watsopanoyo amayamba wakaonekera kwa mfumu, ndipo amalankhula ndi agogo amene analima munda womwewo iye asanabadwe. Pali chifukwa china chimene ayenera kuyendera mosamala. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza anthu kupanga migula, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Malamulo a malimidwe amenewo anadedwa m'dziko lonse, ngakhale kuti nzeru yake yoteteza dothi sinali yolakwika. Chikoti ndicho chinaipitsa. Mlangizi wobwera ndi mawu olamula amapeza anthu akumuvomera ndi pakamwa pokha, iye atangochoka mizere ibwerera mmene inalili.

Choncho amayamba ndi munda umodzi wa munthu wofuna. Amamanga mitengo itatu ngati chilembo cha A, namangirira chingwe ndi mwala pamwamba pake, chida chimene mlimi aliyense angapange yekha popanda kugula kanthu. Ndi chidachi amakhoma zikhomo modutsa chitunda pa malo olingana, nakweza mzere waukulu wa kalozera, ndipo mizere ina yonse imatsata umenewo motalikirana masentimita 75. Pa kalozerapo amabzala udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri ndi kugwira dothi. Mapesi sawotchedwa. Pakati pa chimanga pamalowa nandolo, mbewu imene anthu a ku Mulanje sachita kuphunzitsidwa, ndipo mizu yake imabwezera chonde m'nthaka. Nandolo yemweyo ndiye ndiwo yomanga thupi imene namwino ankaifunsa, ndipo ufa wake ungathe kuthiridwa m'phala la mwana. Phindu la ntchitoyi silioneka chaka choyamba, ndipo apa ndi pamene alangizi osapirira amagwera mphwayi.

Pali zina zimene mzere wa kalozera sungaletse. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazana ku Phalombe, kumene nthawi imeneyo kunali mbali ya boma la Mulanje. Akuluakulu anati wadutsa Napolo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno. Zitsime zinakwiririka, zimbudzi zinagumuka, pa nthawi imene kolera inali isanathe. Mvula yotere palibe angaiimitse, koma munthu wodziwa kuwerenga malo angathe kuuza mfumu kuti khwawa ili ndi njira yakale ya madzi ndipo pasamangidwe nyumba, kuti chitunda icho chisiyidwe ndi mitengo yake, ndiponso kuti chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, patali.

Makolo amene ali ndi mwana wa Fomu 3 kapena Fomu 4 wokonda sayansi angathe kufunsa mphunzitsi wamkulu za nthawi yolembera malo ku yunivesite. Amene munda wawo wayamba kung'ambika zigwembe apite kwa mlangizi wa m'dera lawo m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, pakuti zikhomo za kalozera zimakhomedwa mbewu zitachoka m'munda, anthu asanayambe kugalauza.