Kodi mumadziwa? Za makina oumitsira zovala

Mvula ikamanga nthenje kuno ku Nkhotakota, kuyambira Disembala mpaka Epulo, yunifolomu ya mwana imatha kugona pachingwe osauma, matewera nkumanunkha chuku. Amene ali ndi magetsi a ESCOM amayamba kulingalira zogula makina oumitsira zovala. Musanatulutse ndalama, tamvani izi.

Kodi mumadziwa kuti makinawa ndi akalekale? Kampani ya Hamilton ya ku Wisconsin, m'dziko la America, idayamba kuwagulitsa mu 1938, potengera luso la J. Ross Moore wa ku North Dakota.

Kodi mumadziwa kuti alipo a mitundu itatu? Oyamba amatulutsa mpweya wachinyezi kudzera m'paipi, ndipo paipiyo iyenera kutulukira panja, apo ayi khoma limachita nguwi. Achiwiri, a condenser, amasonkhanitsa madzi m'kathanki komwe mumakhuthula mukamaliza. Achitatu, a heat pump, ndi okwera mtengo ndipo amachedwerapo kuumitsa, koma amadya pafupifupi theka la magetsi a enawo.

Kodi mumadziwa kuti makina wamba amakoka mawati 2,000 mpaka 3,000? Kuumitsa kamodzi kokha atadzaza kutha kumeza mayunitsi 4 kapena 5. Sola ya pakhomo, ija yoyatsira mababu ndi kutchajira foni, siingawathe. Amafunanso soketi yawoyawo ya pakhoma, osati ekisitenshoni yolumikizalumikiza.

Kodi mumadziwa kuti makilogalamu olembedwa pa makina ndi kulemera kwa zovala zouma? A makilogalamu 7 kapena 8 amakwanira banja laling'ono. Mukawapanikiza, zovala sizitembenuka bwino ndipo zimatuluka zonyowa m'mipendero ndi m'matumba.

Kodi mumadziwa kuti chovala chimanena chokha? Onani kansalu ka pakolala. Kabokosi kokhala ndi bwalo m'kati ndi chilolezo choumitsira m'makina. Kadontho kamodzi m'bwalomo ndi moto wochepa, tiwiri ndi moto wochuluka. Pakakhala mtanda, yanikani pachingwe.

Kodi mumadziwa kuti ntchentche ina imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanika pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu? Kutentha kumazipha. N'chifukwa chake makolo ankalimbikira kusita chilichonse, ngakhale zamkati za mwana. Wopanda makina asataye simbi yake yamakala.

Kodi mumadziwa kuti tiulusi totsalira pa sefa ya makinawa timagwira moto msanga? Tichotseni nthawi iliyonse mukaumitsa. Zovala za asodzi zomwe zakhudza petulo wa injini ya boti, parafini kapena mafuta ophikira zisalowemo. Neti ya udzudzu nayo ayi: imeneyo imauma pamthunzi kuti mankhwala ake asathe mphamvu.

Kodi mumadziwa kuti makina osavuta si a mabatani ambirimbiri? Funani okhala ndi chopotokola chimodzi cholembedwa zooneka, chitseko chachikulu, sefa yosolola ndi dzanja limodzi, komanso ozima okha zovala zikauma. Funsani wogulitsa ngati lamba wake ndi zipangizo zina zimapezeka ku Lilongwe, komanso kuti akawonongeka akonze ndani.

Makina oyenera ndi omwe magetsi anu ndi thumba lanu zingakwanitse. Asungireni masiku a mvula. Mwera ukayamba kuomba mu Meyi, dzuwa ndi mphepo zimaumitsa ulere.