Ndalama za M'foni ndi Mantha a 666

M'matchalitchi ambiri a ku Sweden, nthawi ya chopereka ikakwana anthu sapisanso m'thumba kufuna makobidi. Amatulutsa foni. Nambala ya mpingo imakhala italembedwa pa pepala la mapemphero kapena pakhoma lakutsogolo, ndipo nyimbo isanathe ndalama zimakhala zalowa kale kubanki kudzera pa Swish, njira yolipirira pafoni yomwe mabanki a m'dzikomo adakhazikitsa mu 2012. Dziko lomweli ndi lomwe lidayamba kusindikiza ndalama zamapepala ku Ulaya konse, mu 1661, koma lero lili patsogolo pozisiya. Kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo, Riksbank, adapeza kuti mu 2010 anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse adalipira ndi ndalama zogwirika pa zomwe adagula komaliza. Pofika 2020 adatsala mmodzi yekha mwa 10.

Ena adapitirira pamenepo. Kuyambira cha mu 2015, anthu masauzande angapo a m'dzikomo adalola kuikidwa kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga pansi pa khungu la dzanja, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kachipangizoko kamatsegula zitseko za maofesi, ndipo mu 2017 kampani ya sitima zapamtunda ya SJ idayamba kukalandira m'malo mwa tikiti. Chaka chomwecho, kampani ya Three Square Market ya ku Wisconsin, ku America, idaika tizipangizo totere mwa antchito ake pafupifupi 50 omwe adavomera okha, kuti azigula zakudya zapantchito pongoyandikitsa dzanja pa makina.

Mkhristu wokulira pa Buku Lopatulika sangamve za dzanja ndi kugula osakumbuka mutu 13 wa Chivumbulutso. Mutuwu umanena za chilombo chokakamiza anthu onse, opata ndi osowa omwe, kulandira chizindikiro pa dzanja lamanja kapena pachipumi, ndipo wokana msika umamutsekekera. Umathera pa nambala yomwe ngakhale mwana wa Sande sukulu amaidziwa: 666. N'chifukwa chake nkhani yothetsa ndalama zogwirika ikangoyambika, m'maulaliki, pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp mumabuka funso lakuti, kodi si chizindikiro cha chilombo chija chikubwera chokwawa?

Manthawa si a lero. Pa 26 June 1974, sitolo ina ya ku Troy, m'chigawo cha Ohio, idagulitsa paketi ya chingamu pogwiritsa ntchito timizere takuda tomwe lero tili pa sopo, mafuta ophikira ndi botolo lililonse la zakumwa. Patangopita zaka zochepa, mlembi wa ku America Mary Stewart Relfe adafalitsa maganizo oti timizere titalitali ta kumayambiriro, pakati ndi kumapeto tikubisa ma 6 atatu. George Laurer wa kampani ya IBM, yemwe adakonza timizereti, adakhala akufotokoza kuti titalitalito ntchito yake n'kungouza makina poyambira ndi pothera. Ku Russia, akhristu ena a mpingo wa Orthodox adakana manambala a msonkho mpaka Sinodi ya mpingowo idatulutsa chikalata pa nkhaniyi mu 2000. Ku Greece, mu 2023, anthu masauzande adachita zionetsero mumzinda wa Thessaloniki pokana ziphaso zatsopano za unzika, ena atanyamula mitanda ndi zithunzi za oyera. M'badwo uliwonse wapeza 666 yake, ndipo zambiri mwa zomwe zidaopedwa lero zili m'nyumba za abusa omwe.

Akatswiri ambiri a Baibulo amayamba ndi anthu omwe Yohane, mlembi wa Chivumbulutso, adawalembera ali pa chilumba cha Patmos: mipingo isanu ndi iwiri ya m'dera lomwe lero ndi dziko la Turkey, pansi pa ulamuliro wa Aroma. Pa Chihebri ndi Chigiriki, zilembo zinkagwiranso ntchito ya manambala, ndipo dzina la mfumu Nero Kaisara likalembedwa m'zilembo za Chihebri, kuwonkhetsa kwake kumakwana 666. Mipukutu ina yakale kwambiri ili ndi 616, nambala yomwe imatuluka dzina lomwelo likalembedwa motsata katchulidwe ka Chilatini. M'mizinda ya nthawiyo, malonda ndi chipembedzo zinkayendera limodzi: mabungwe a amisiri ankachita maphwando a milungu yawo, ndipo makobidi ankakhala ndi nkhope ya mfumu yomwe inkapatsidwa ulemu wa mulungu. M'chaka cha 250, mfumu Decius idalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya Aroma ndi kulandira kalata yaumboni. Ena mwa makalatawo adapezeka ku Egypt ndipo alipo mpaka lero.

Mipingo siimva chimodzi pa nkhaniyi. Alaliki ambiri a chipentekoste ndi chievanjeliko amayembekeza wolamulira mmodzi wa dziko lonse yemwe adzagwiritse ntchito luso lamakono kulemba anthu. A Seventh-day Adventist amaphunzitsa kuti chizindikirocho chikukhudza kupembedza ndi tsiku lopembedzera. Akatolika ndi mipingo ya chipresibateriya kawirikawiri amati ndimeyi ikunena za boma lililonse lofuna ulemu woyenera Mulungu yekha. Komabe onsewa amakumana pamfundo imodzi: m'Chivumbulutso chizindikiro chimayenda ndi kugwadira. Munthu sachilandira mwangozi chifukwa adatsegula akaunti kapena adalembetsa nambala ya foni.

Kuno kwathu ndalama za m'foni zidabwera ngati mpumulo. M-Pesa itayamba ku Kenya mu 2007, Airtel Money idafika ku Malawi mu 2012 ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Mwana wogwira ntchito ku Lilongwe adasiya kupatsira ndalama kondakitala wa basi kuti akasiyire mayi ake kumudzi. Magetsi, madzi, fizi, chipepeso cha maliro, zonse zidayamba kuyenda pafoni. Mipingo nayo sidatsalire. Mliri wa Covid-19 utachepetsa misonkhano mu 2020, yambiri idayamba kulengeza manambala olandirira chakhumi ndi chopereka, ndipo manambalawo sadachokenso. Ngakhale ku England, mpingo wa Anglican udatsegula mwayi mu 2018 woti matchalitchi ake oposa 16,000 azilandira chopereka pa makina a khadi.

Ndiye kodi odandaulawo akungoopa chithunzithunzi chawo? Mbiri ya Malawi yomwe ikuyankha kuti ayi.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, munthu wopanda khadi la chipani cha Malawi Congress ankabwezedwa pachipata cha msika, pokwera basi, nthawi zina ngakhale pachipatala. Anyamata a chipani ankaima pakhomo n'kumafunsa kuti, "Khadi lili kuti?" Makolo ankagulira makadi ngakhale makanda. A Mboni za Yehova adakana kugula khadilo chifukwa chikhulupiriro chawo sichiwalola kulowa ndale. Boma lidawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani udagamula kuti achotsedwe ntchito. Adamenyedwa, nyumba zawo zidatenthedwa, ena adaphedwa, ndipo masauzande ambiri adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Panalibe kompyuta, panalibe kachipangizo ka m'dzanja. Kapepala kamodzi kadakwanira kutsekera munthu kunja kwa msika chifukwa cha chikumbumtima chake.

Chomwe chasintha ndi kuchepa kwa ntchito yotsekayo. Kale pankafunika anyamata pachipata chilichonse, ndipo wopanda khadi ankatha kutuma mnansi kapena kugula kuseri. Ndalama zonse zikakhala m'makompyuta a mabanki ndi makampani a mafoni, kalata imodzi yochokera ku ofesi imatha kutseka zipata zonse nthawi imodzi. Ku Uganda, tsiku la chisankho cha February 2016, boma lidatseketsa ndalama za m'foni pamodzi ndi masamba a mchezo. Ku Nigeria, mu 2020, banki yaikulu idatseketsa maakaunti a anthu ena omwe ankathandiza zionetsero zodzudzula nkhanza za apolisi. Ku Canada, mu February 2022, boma lidagwiritsa ntchito lamulo la nthawi yangozi kutseka maakaunti oposa 200 pa nthawi ya zionetsero za madalaivala a matiraki, ndipo mu January 2024 khothi lidagamula kuti boma lidalakwitsa kugwiritsa ntchito lamulolo. Ku India, bungwe lachikhristu lothandiza ana la Compassion International lidatseka ntchito zake mu 2017 boma litaletsa ndalama zake zochokera kunja, ndipo masisitere a Missionaries of Charity, gulu lomwe adayambitsa Mayi Teresa, adakanizidwa chilolezo cholandirira thandizo lakunja mu December 2021, asanachibwezeredwe mwezi wotsatira. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nkhawa yachiwiri ndi ya osauka, ndipo iyi siifuna kumasulira ulosi. Pa 8 November 2016, nduna yaikulu ya India Narendra Modi idalengeza usiku kuti ndalama zamapepala za 500 ndi 1,000 rupee zatha ntchito. Zimenezi zinali pafupifupi 86 peresenti ya ndalama zonse zomwe zinali m'manja mwa anthu. Aganyu, alimi ndi ogulitsa m'misewu ndiwo adagona pamizere yakubanki. Ku Nigeria zidachitikanso kumayambiriro kwa 2023, pomwe kusintha kwa ndalama za naira kudasowetsa ndalama zogwirika mpaka anthu okwiya adaphwanya mabanki m'mizinda ina, ndipo khothi lalikulu lidalamula kuti ndalama zakale zipitirire kugwira ntchito. Ku Zimbabwe, komwe ndalama za m'foni za EcoCash zidalowa m'malo mwa ndalama zogwirika zomwe zinkasowa, boma lidaika msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa pamakina mu October 2018.

Mayi wogulitsa mandasi pa Limbe amaidziwa bwino samu yake. Ndalama ya K1,000 ikadutsa m'manja khumi imakhalabe K1,000, koma ya m'foni imadulidwa potumiza ndi potapa. Pamafunikanso foni, moto wa m'batire, netiweki, chiphaso cha unzika cholembetsera nambala, ndi ajenti woti ali ndi ndalama tsikulo. Gogo wosatha kuwerenga amauza mdzukulu kapena ajenti nambala yake yachinsinsi, ndipo mpata wa akuba umayambira pomwepo. Ndani sadalandirepo uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Wopemphetsa pamsewu, mwana wotumidwa kuchigayo ndi wakabaza wopanda foni ndi anthu omwe Malemba amalamula kuti asaiwalidwe, ndipo ndi omwewo amayamba kugwa ndalama zogwirika zikachotsedwa mwaphuma.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Yesu adaphunzitsa kuti zachifundo zizichitika mobisa, koma chopereka cha pafoni chimafika ndi dzina, nthawi ndi kuchuluka kwake. Msungichuma wa mpingo amadziwa yemwe wapereka zingati, kampani ya foni nayo imadziwa, ndipo boma likafuna lingathe kudziwa. M'dziko lomwe mpingo wina uli woletsedwa, mndandanda wa opereka ndi mndandanda wa oti amangidwe. Komabe kulemba komweko kuli ndi ubwino wake: ndalama zolowa pa akaunti sizisowa pakati pa guwa ndi chipinda chowerengera, ndipo mikangano yambiri ya m'mipingo yokhudza chuma imayambira pa ndalama zomwe palibe adazilemba.

Maiko omwe adathamanga kwambiri ayamba kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ku Norway, kuyambira October 2024, lamulo likukakamiza masitolo kulandira ndalama zogwirika. Mizinda ya Philadelphia ndi San Francisco ku America idaletsa masitolo okana ndalamazi mu 2019, ponena kuti amasala osauka. Chifukwa chomwe maboma a kumpoto kwa Ulaya akupereka si cha m'Baibulo: akuopa nkhondo, kuzima kwa magetsi ndi akuba a pa intaneti. Koma mfundo yake ikufanana ndi ya alaliki aja, yakuti si bwino moyo wonse wa munthu kudalira chipata chimodzi chomwe makiyi ake ali ndi wina.

Malawi akadali kutali ndi kutha kwa ndalama zogwirika. Mu 2022 banki yaikulu ya Reserve idatulutsa ndalama yapepala ya K5,000, ndipo m'misika ya kumidzi malonda ambiri akadali a pamanja. Komabe maziko a mawa akuikidwa panopa: anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa ziphaso za unzika mu 2017, kulembetsa manambala a foni kudakhala kokakamiza mu 2018, ndipo lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu lidayamba kugwira ntchito mu 2024. Mipingo yomwe idagwedeza dziko ndi kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992 ili ndi mabwalo ake, monga Public Affairs Committee, komwe ingafunse boma ndi makampani mafunso ogwirika: ndani ali ndi mphamvu yotseka akaunti ya munthu, kodi pamafunika chilolezo cha khothi, wotsekeredwayo akadandaule kuti, ndipo sitolo, chipatala kapena ofesi ya boma ingaloledwe kubweza munthu yemwe wabwera ndi makwacha m'manja?