Dayisi yagwa pa 20, bwanji zakanika?

Anthu akaona madayisi patebulo lathu amaganiza kuti tikutchova juga. Palibe ndalama imene imabetchedwa, ndipo palibe wosewera amene amalimbana ndi mnzake. Anthu anayi kapena asanu amakhala pamodzi, aliyense ali ndi mtengambali wake: wina wankhondo, wina wamatsenga, wina wansembe, wina kazitape. Ine ndimafotokoza dziko limene alimo, ndimayankhulira mafumu ndi zilombo zimene akumana nazo, iwo n'kumanena chimene mtengambali wawo achite. Ndi nthano ndithu, koma a "tili tonse" ali m'kati mwa nthanoyo ndipo amatha kuikhotetsa. Masewerowa ndi Dungeons & Dragons, ndipo udindo wangawu umatchedwa Dungeon Master, mwachidule DM.

Gary Gygax ndi Dave Arneson ndiwo anawatulutsa ku America mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR, imene inagulidwa ndi Wizards of the Coast mu 1997. Malamulo amene ambiri timatsata lero ndi a mu 2014, omwe anakonzedwanso mu 2024. Mabuku ake ndi okhuthala moti ongoyamba kumene amachita mantha, komatu phata lake ndi limodzi. Ukafuna kuchita chinthu chimene chingathe kukanika, umaponya dayisi ya mbali 20, n'kuwonjezapo nambala yochokera papepala la mtengambali wako. Zonse pamodzi zikafika pa nambala imene DM waika, zatheka. Chinthu chosavuta chimafuna 10, chovutirapo 15, chovuta 20.

Nambala yowonjezayo ndi imene munthu amaiumba popanga mtengambali. Pali mbali 6: nyonga, changu cha thupi, kupirira kwa thupi, nzeru za kuphunzira, kuzindikira zinthu, ndi chikoka. Njira imodzi yodziwika ndi yogawa manambala awa: 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8, imodzi pa mbali iliyonse. Nambala ya 10 kapena 11 siwonjeza kanthu, 14 kapena 15 imawonjeza 2, 16 imawonjeza 3, pamene 8 imachotsa 1. Pa luso limene mtengambali analiphunzira, monga kukwera mapiri kapena kunyengerera anthu, amawonjezanso 2 akamayamba, ndipo nambalayi imakwera mpaka 6 akakhwima.

Ongoyamba kumene amatanganidwa ndi funso loti 15 aiike pati. Yankho lake silivuta: wamatsenga amadalira nzeru za kuphunzira, wansembe kuzindikira, kazitape changu. Funso limene ine ndimawafunsa ndi lakuti 8 muiika pati, chifukwa pamenepo ndi pamene mtengambali amakhala munthu. Wankhondo wopanda chikoka adzafuna mnzake womuyankhulira pamaso pa mfumu. Wamatsenga wopanda nyonga adzafuna womukoka ndi chingwe. Gulu limagwirizana chifukwa aliyense ali ndi pamene amaperewera.

Tsopano tifike pa mkangano umene umabuka pafupifupi patebulo lililonse. Gulu lafika pa thanthwe loterera, DM n'kuika 20. Wamatsenga wa nyonga 8 waponya, dayisi yagwa pa 20, onse akuwa ndi chimwemwe. Koma tikachotsa 1 patsala 19, ndiye kuti sanakwere. Mwini wake amadandaula kuti 20 siphonya. Lamulo limenelo lilipodi, koma limagwira pomenya mdani pankhondo: 20 imalasa ngakhale mdaniyo atavala zodzitetezera zolimba chotani, ndipo madayisi oonetsa kukula kwa bala amaponyedwa kawiri. Poyesa luso, monga kukwera, kubisala kapena kunyengerera, buku silinena choncho.

Matebulo ambiri amasankha okha kuti 20 izitheketsa chilichonse, ndipo ali ndi ufulu wotero. Ine sindilola, pa chifukwa ichi. Wankhondo amene wakhala pambali pakeyo anaika nambala yake yaikulu pa nyonga, kenako inakwera kufika 16, naphunziranso luso lokwera. Iye amawonjeza 5, choncho akufunika 15 kapena kuposa, mwayi wa 6 mwa 20. Mwayi umenewo anaugula posiya zina. Ngati dayisi yokha ingafafanize kusiyana kwa awiriwa, ndiye kuti zimene anasankha popanga mtengambali zilibe ntchito. Ndipo wamatsenga uja sanatsekeredwe njira. Ali ndi matsenga, ali ndi chingwe, ali ndi anzake, ndipo nthano imakoma akayamba kuganiza zimenezo.

Palinso udindo wa ine DM. Wina akati akufuna kunyengerera mfumu kuti imupatse mpando wake, sindimuuza kuti aponye dayisi. Kumulola kuponya n'kumulonjeza kuti zikhoza kutheka. Dayisi ndi ya zinthu zimene zingatheke kapena kukanika, ndiponso zimene kukanika kwake kuli ndi zotsatira. Mikangano yambiri imene anthu amati ndi ya malamulo imayambira pa DM amene analola kuponya pamene sipanayenere.

Malamulo awiri akaoneka ngati akutsutsana, buku lenilenilo limapereka njira: lamulo lonena za chinthu chimodzi mwachindunji limaposa lamulo lokhudza zonse. Pakakhala kuti buku silinanenepo kanthu, ndimagamula pomwepo kuti masewero asaime, ndimauza onse kuti ichi ndi chigamulo cha lero, kenako tikaweruka timafufuza bwinobwino. Chimene tagwirizana chimagwira kwa aliyense, kuphatikizapo adani amene ine ndikuwayendetsa.

Kwa inu amene mukufuna kuyamba, musadikire kuloweza buku lonse. Pezani DM, mumufunse msanga malamulo amene anawasintha patebulo lake, makamaka la 20 ili, kuti musakangane masewero ali m'kati. Kenako lembani mtengambali wanu, ndipo pofika pa 8 muganize mofatsa kuti kuperewera kumeneku kudzakufunitsani thandizo la ndani pagulupo. Mukadziwa yankho lake, mwakonzeka kukhala patebulo.