Dambo la m'mudzi mwanu lili pa mapu?

Anthu akamva za lamulo la malo a makolo la 2016, maganizo amathamangira ku satifiketi ya munda wawo. Komatu minda isanayambe kulembetsedwa, mudzi umayenera kugwirizana kaye kuti malo ati ndi olima, ati ndi omangapo nyumba, ati ndi msipu, nkhalango, manda kapena dambo. Apa ndi pamene nkhani ya chakudya ndi madzi imagamulidwa.

Woyendetsa ntchitoyi ndi komiti yoona za malo, yomwe imakhala m'dera la gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupuyo, ndipo anthu amasankha mamembala ena 6, mwa iwo amayi osachepera 3. Kalaliki wa za malo amalemba ndi kusunga zonse. Akatswiri ochokera ku khonsolo amabwera ndi chithunzi cha deralo chojambulidwa kuchokera mumlengalenga, n'kuchiyala pansi pa mtengo. Anthu amaloza ndi chala: mjigo uwu, khwawa ili, apa mpamene ng'ombe zimatsikira kukamwa. Ndondomekoyi inayesedwa ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo yagwiritsidwanso ntchito ku Chikwawa, kumene kukukumbidwa ngalande ya ulimi wothirira ya chigwa cha Shire.

Dambo ndilo limandidetsa nkhawa kwambiri. Limamwa madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo zitsime ndi madimba a kumunsi zimadalira pomwepo. Chimanga cha kumunda chikatha m'nkhokwe, mpiru, tomato ndi mondokwa wa kudimba ndizo zimafikitsa banja ku zokolola zina. Dambo likagawidwa ndime ndime, uyu n'kukumba ngalande, uyo n'kudzala bulugamu, winanso n'kuumba njerwa, madzi amaphwa mvula ili kutali. Chimodzimodzi gombe la mtsinje: mukazula bango ndi nsenjere n'kulima mpaka m'madzi, madzi osefukira adzatenga munda womwewo. Malo otere akalembedwa pa mapu kuti ndi a mudzi wonse, munthu mmodzi sangawalembetse ngati ake.

Amene amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kuthirira ndiwo ndi amene amadziwa kasupe wosaphwa. Nthawi zambiri amenewa ndi amayi, ndipo akakhala chete pamsonkhano, kasupeyo saoneka pa mapu. Oweta ziweto nawo azinena njira ya ng'ombe zawo, chifukwa milandu yambiri ya mbewu zodyedwa imabadwira pamenepo.

Mukaona kuti malire apotozedwa, dandaulo limapita ku bwalo la milandu ya malo lomwe wapampando wake ndi mfumu yaikulu, ndipo mukhoza kuchita apilo ku bwalo la pa boma. Koma kukonza cholakwika mapu atavomerezedwa kale kumatenga nthawi ndi ndalama. Mukamva kuti a za malo akubwera kwa gulupu, siyani khasu tsiku limenelo, mupite mukaloze dambo lanu ndi chala.