Kuphunzira Masamu Popanda Kalasi

Mwana wa ku Mwenilondo amene mudzamphunzitsa kuwonkhetsa, akadzafika pa Yunivesite, adzapeza maphunziro ena amene alibe belu ngakhale kalasi. Wophunzira apita yekha kwa mphunzitsi wa masamu, napempha kuti amtsogolere. Mphunzitsiyo akabvomera, awiriwo apangana funso limodzi lokha. Tsono wophunzira awerenga yekha mabuku, nayesa njira zace, nabwera nazo kwa mtsogoleri wace pa masiku opangana. Potsiriza alemba zimene wapeza kuti ziyesedwe. Cobvuta cagona pa kupemphako, pakuti mwana wozolowera kungokopera za pa bolodi sadziwa kufunsa, ndipo ife aphunzitsi ndife timzoloweza cotero.

Pa Yunivesite ya Mzuzu, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, Bambo John Ryan, wansembe wa ku Ireland amene anadzakhala Bishopu wa Mzuzu mu 2016, anatsogolera ophunzira motere pa masamu amene Valery Goppa wa ku Russia anatulukira mu 1970. Masamuwa akonza zolakwa zolowa m'uthenga pamene uli kuyenda pa makina. Funso lao linali lalifupi ndithu: kodi mitundu yace ilipo ingati?